Mphumu ya Alamu Anga ndi Phiri la Pamtanda

Alamu anga a Harold ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu kwa Mlolo, ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndione mwamuna amene anazunguza mutu wa achemwali anga a Veronika. Koma chimene chinandipeza choyamba chinali kaphokoso kotuluka m'chifuwa mwawo, ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'dengu. Ndinathamangira kwa achemwali n'kuwanong'oneza kuti, "Mwatitengera mwamuna wolira yekha ngati wailesi." Anandigenda ndi chipande. Masiku amenewo ndinkaseka, chifukwa ndinali ndisanaone zimene kaphokoso kaja kamachita kakakula.

A Harold anabadwira kudambo, kumene Shire amamwazikana m'mabango, m'banja la asodzi. Mayi awo ankawamba milamba tsiku lonse mwana ali kumsana, moti utsi anayamba kuupuma asanadziwe kukwawa. Mphumu inawagwira asanayambe sukulu. Anamwa zonse zimene anthu amatchula: mizu yowawa, uchi wosakaniza ndi dzira laliwisi, ngakhale mafuta amene wogulitsa analumbira kuti ndi a ng'ona. Kuchipatala anawapatsa kampope ka buluu kopopera mankhwala m'kamwa, koma achibale anawaopseza kuti ukakazolowera sungakhalenso popanda iko. Ndiye kankangogona m'thumba la jekete mpaka mankhwala kutha mphamvu.

Pamadzi anali munthu wina. Kupalasa bwato, kutchera mono, kudziwa pamene pabisala mvuu, panalibe wowaposa. Ndipo pamtunda vuto lawo silinkaoneka kwambiri, chifukwa ife a kuchigwa sitidziwa chitunda. Dziko lathu ndi lathyathyathya ngati mphasa. Munthu amabadwa, kukwatira, mpaka kumera imvi asanakwerepo china chachitali kuposa chulu. Mapiri timangowaona kumtunda uko, ndipo loyandikana nafe timalitcha Pamtanda, chifukwa akhristu akale anaimika mtanda wachitsulo pamwamba pake. Timalikumbukira madzi akasefukira basi.

Atakwatira anamanga nyumba pabwalo la amayi athu, monga mwa chikamwini. Anthu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu anakhazikika. Anafolera nyumba ya amayi, anawakumbira chimbudzi, ndipo nsomba yaikulu ya tsiku lililonse inkapita kwa iwo. Koma sankaipereka okha. Amayi ndi munthu wachikale, ndipo ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi ankaugwira ndi manja awiri. Sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankapatsana chinthu pamanja. Amayi akafuna kupereka kanthu kwa akamwini, ankakaika pansi n'kubwerera m'mbuyo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu mbali iyi, wina mbali iyo, n'kumaomberana m'manja atafulatirana. Ine ndinkawaseka onse awiri. Ndinkati tsiku lina adzalumidwa ndi njoka chifukwa cha ulemu.

Zoseka zinatha chaka cha namondwe Ana. Madzi a Ruo ndi a Shire anakumana m'minda mwathu, ndipo mudzi wonse unathawira ku Pamtanda. Alamu ananyamula thumba la ufa n'kuyamba kuthamanga ngati wina aliyense. Sanafike patali. Patsinde pa phiri, pamene pali mlambe waukulu, ndinawapeza atagwada, manja atatsamira pansi, khosi litatambasuka. Mpweya unkalowa koma kutuluka unkakana. Milomo inali itatuwa, maso ali tong'o, akundiyang'ana koma osatha kutchula ngakhale dzina langa. Ndinali ndisanaonepo munthu akumira pouma, ndipo sindinadziwe choti ndigwire. Amuna a mumpingo anazula chitseko cha nyumba ina, n'kuwagonekapo, n'kukwera nawo. Mmodzi wa iwo anasiya matumba ake a chimanga kuti agwire nawo chitsekocho, ndipo pobwerera anapeza madzi atatenga zonse.

Alamu anachira, koma nkhani ya chimangayo inawadya mumtima. Tsiku lina tili pamsasa wa othawa madzi anandiuza kuti, "Mlamu Priscilla, ulendo uno andinyamula. Ulendo wina aliyense adzakhala ndi wake womunyamula. Ndidzatsala pamlambe paja ndekha." Zimene ananenazo ndi zomwenso ine ndinkaganiza.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu panali dokotala wina, a Kaitano, munthu wolankhula mosapsatira. Anawapatsa timipope tiwiri, ka bulauni kopopera tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, ndi ka buluu ka nthawi imene chifuwa chatseka. Anawauza kuti zoti kampope kamapha mtima n'zabodza, ndipo chimene chimapha n'kukasiya kunyumba. Anawaletsa kuyandikira utsi wowambira nsomba. Kenako ananena chimene tonse tinachiona ngati misala. Anati, "Phiri lakugonjetsanilo, muzilikwera. Mphumu siidzatha, koma thupi limaphunzira. Muzipopera musanayambe, muziyenda pang'onopang'ono, mpweya muzikoka ndi mphuno n'kuutulutsa ndi milomo ngati mukuziziritsa phala la mwana. Chifuwa chikayamba kulira, imani."

Tsiku loyamba alamu anachita zomwe munthu wa kuchigwa aliyense angachite. Analikwera ndi liwiro la pamsewu wa kumsika, uku akucheza nane. Achemwali ndiwo anandituma kuti ndiwaperekeze, popeza iwo anali atatenga ntchito yowamba nsomba. Titangopitirira mlambe, kamphaka kaja kanayamba kulira. Anakhala pansi, napopera, ine nditaima ndi mtima uli m'mwamba, ndikuwerengera m'maganizo kutalika kwa njira yopita kuchipatala. Tinabwerera kunyumba.

Koma m'mawa mwake anadzukanso. Pa njira imeneyo pamadutsa amayi a kumapiri amene amatsika ndi nthochi n'kubwerera ndi nsomba zouma pamutu. Alamu anayamba kuwatsatira pambuyo. Anaona kuti iwo saponda motalikitsa, salankhula pachitunda, ndipo sakwera molunjika koma mokhotakhota ngati mbuzi. Anatengera kayendedwe kawo. Anthu m'mudzi anapeza chowaseketsa. "A Harold, kuphiri kuli milamba?" ankafunsa choncho anzawo a padoko. Ena ankati wayamba mapemphero a kuphiri, ena ankati ali ndi chibwenzi chogulitsa nthochi. Inenso ndinkathirapo ndemanga zanga, mlamu saletsedwa. Koma kunena zoona, nthawi iliyonse akachedwa kutsika, ndinkapezeka ndaima panjira ndikuyang'ana kumtunda.

Amayi nawo ankaopa, ngakhale sakanatha kunena kwa mwini wake. Ankauza achemwali mokweza, nkhope atalozetsa kukhoma, kuti mawu akafike okha kumene akupita: "Veronika, uwauze abambo a Lucky kuti kunjaku kwazizira. Munthu wa chifuwa sayenda m'mame." Lucky ndi mwana woyamba wa achemwali. Alamu ankayankha ali kuseri kwa nyumba, "Auzeni amayi kuti ndamva. Takhuta, zikomo." Ndipo ankapita ndithu.

Miyezi inapita. Anayamba kufika pathanthwe lalikulu limene lili pakati pa phiri osapuma. Chilimwe chisanathe anagwira mtanda uja ndi dzanja lawo, ndipo anatsika akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Kenako anayamba kukwera ndi chigubu cha madzi kumsana, poyamba chatheka, pambuyo pake chodzaza. Mphumu siinawasiye. Nthawi yozizira, kapena anthu akamatentha minda, inkabwera ndithu, ndipo ankagona chokhala atatsamira khoma. Koma chifuwa chinakula, mapewa anatambasuka, ndipo munthu ankatha kuima nawo pafupi osamva kalikonse.

Namondwe Freddy anatipeza mwezi wa Malichi. Mvula inagwa masiku otsatizana osapumira, yozizira, yobwera ndi mphepo. M'mawa wina tinaona madzi ofiira akuyenda m'munda mwa mapira, mwakachetechete, ngati ali ndi kwawo kumene akupita. Achemwali anasonkhanitsa zinthu zosayenera kunyowa, mabuku a kuchipatala, mapiritsi a amayi a kuthamanga kwa magazi ndi timipope ta alamu, n'kuzikulunga mu pulasitiki. Anapatsa amayi kuti amange m'chiuno, popeza iwo okha ndiwo analibe katundu pamutu. Alamu anali kukhola, akumasula mbuzi. Tinagwirizana kuti ine ndi achemwali titsogole ndi ana, amayi azibwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ine ndikatula katundu ndibwerere kudzawatenga. Palibe anaganiza kuti mwini mankhwala akutsala m'mbuyo ndipo mankhwala ake ali m'chiuno mwa munthu amene sangamuyandikire.

Nditasiya ana pamwamba ndinatsika mothamanga. Pamwamba pang'ono pa thanthwe lija pali kachigwembe kamene masiku onse timangokalumpha. Pokwera tinawoloka madzi ali m'maondo. Pobwerera ndinapeza mtsinje weniweni, wamatope, ukugubuduza miyala ndi mitengo. Ndinayesa kuponda, madzi anandikokera mwendo, ndinabwerera chokwawa. Ndinatsala tsidya lino, ndipo kuchokera pamene ndinaimapo njira yonse ya kumunsi inkaoneka bwinobwino.

Mlambe uja unali utaima m'madzi. Pamwamba pake pang'ono ndinaona amayi, akukwera ndi ndodo, akutsetsereka, akudzukanso. Ndipo m'mbuyo mwawo, patali ndithu, munali alamu. Ankatha kuwapeza mosavuta, koma ankayenda moyembekezera, kusunga mpata wa ulemu, madzi akuwatsatira kuzidendene. Amayi atazindikira amene ali m'mbuyo mwawo, anachita zimene achita moyo wawo wonse. Anapatuka panjira, n'kulowa m'udzu, n'kufulatira kuti akamwini adutse. Alamu nawo anapatukira mbali inayo. Anaima choncho anthu awiri akuluakulu, mvula ikuwakwapula, njira ili yopanda munthu pakati pawo, aliyense kudikira mnzake.

Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. "Tiyeni! Madziwo! Amayi, tiyeni!" Mphepo inabweza mawu anga. Ndinawatukwana mumtima onse awiri, Mulungu andikhululukire.

Kenako dothi limene amayi anaimapo linagumuka. Anakhala pansi mwamphamvu, ndodo inapita, ndipo sanadzukenso. Ndinaona alamu akuyang'ana madzi, n'kuyang'ana amayi. Anataya katundu amene ananyamula. Anapita, nagwada patsogolo pawo chofulatira, naomba m'manja. Amayi ankagwedeza dzanja kukana. Anandiuza pambuyo pake kuti ankangoti, "Nkhabe, iyayi, pitani, ine ndakalamba kale," ndipo alamu anangoyankha kuti, "Pepani amayi," n'kuwakokera kumsana.

Anayamba kukwera. Sanathamange. Ankaponda pafupipafupi, mokhotakhota, mutu uli pansi, milomo itasongoka. Ine ndinagwada m'matope ndikupuma nawo limodzi, ngati mpweya wanga ungawathandize. Amayi si munthu wamng'ono thupi, ndipo njira inali itasanduka phala. Anagwa ndi bondo, nadzuka. Anagwanso, nadzuka. Madzi anatsala m'munsi. Atayandikira thanthwe ndinayamba kuona nkhope yawo, ndipo mtima wanga unagwa, chifukwa nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Khosi linali litatambasuka, mitsempha ili panja. Lamulo la a Kaitano linali lakuti chifuwa chikalira aime, koma sanaime mpaka atafika pathanthwe.

Anatsitsa amayi bwinobwino, ngati akutula mtsuko. Kenako anakwawa kutalikirana nawo pang'ono, n'kugwada, manja atatsamira pamwala. Tinali pafupi tsopano, chigwembe chokha pakati pathu, ndipo ngakhale madzi ankasokosa ndinkamva kulira kwa chifuwa chawo. Anapapasa m'thumba la malaya, napapasa la buluku. Anandiyang'ana.

"Amayi!" ndinakuwa. "Kampope kali m'chiuno mwanumo! Mu pulasitiki! Ka buluu!"

Amayi anamasula chitenje. Mfundo inali itanyowa, anaimasula ndi mano. Anatulutsa kampope ka buluu, anakwawa pang'ono, anakaika pamwala pakati pa iwo ndi alamu, n'kubwerera m'mbuyo, nkhope atatembenuzira kumbali.

Sindidzaiwala kampope kaja kali pamwala, mvula ikukamenya. Kanali pafupi, mwina mikono iwiri. Alamu anakayang'ana. Anayesa kunyamula dzanja limodzi, thupi lonse linapendekeka, anabwezanso dzanjalo pamwala. Manja aja ndiwo ankagwira chifuwa kuti chisatsekeretu. Ndiye kaphokoso kaja kanayamba kuchepa. Munthu wosadziwa akanati akupeza bwino, koma a Kaitano anatichenjeza kuti chifuwa cha mphumu chikakhala chete munthu akadali kubanika, ndiye kuti mpweya wasiya kuyenda. Ndinamva tsemwe thupi lonse.

"Amayi, sangathe kukatenga! Apatseni!"

"Ndawapatsa!" anayankha amayi, osacheuka.

"M'kamwa! Muwaike m'kamwa ndi dzanja lanu!"

Amayi anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankanditsutsa. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo ndinalankhula nawo mmene sindinalankhulepo ndi mayi wondibala. "Akufa, amayi! Tayang'anani! Mwamuna wa mwana wanu akufa inu mukuona kumbali! Mukamuuza chiyani Veronika?"

Pamenepo anacheuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire cha achemwali, amayi anayang'ana akamwini awo kumaso. Sindikudziwa chimene anaona, koma anakuwa, "Mayo ine!" ndipo anakwawa ndi maondo awo otupa mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo. Anatola kampope, anagwira alamu pachibwano.

"Ndichite bwanji? Priscilla, ndichite bwanji?"

"Chotsani chotsekera! Kagwedezeni! Ikani m'kamwa, mudine pamwamba akamakoka mpweya!"

Ulendo woyamba anadina msanga, mankhwala anapita m'mwamba ngati utsi. Ndinaluma dzanja langa. Sindinkadziwa kuti mwatsala ochuluka bwanji. Amayi anaika chikhatho chawo pachifuwa cha alamu kuti amve pamene chikukwera, n'kudina. Anadikira, nadinanso. Anawakhazika tsonga, nawatsamiritsa pathupi pawo, nawafunditsa chitenje chawo chakunja. Ankalankhula nawo motsitsa, ndipo zina ndinkazimva. "Kokani, bambo. Kokaninso. Musatisiye pano."

Panapita nthawi imene sindingaiyeze. Ndinkangoyang'ana mapewa a alamu. Kenako ndinamva kamphaka kaja, kakulira mokweza, moipa, ndipo sindinasangalalepo ndi phokoso lililonse ngati limenelo. Mpweya unali ukuyendanso. Anatsokomola, nalavula, nayamba kutulutsa mpweya ndi milomo yosongoka monga anadziphunzitsira pa phiri lomwelo. Kutuwa kwa pakamwa kunayamba kuchoka. M'munsi mwathu madenga a m'mudzi ankangooneka nsonga zokha, koma panalibe wa ife amene ankayang'ana kumeneko.

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a amuna akutsika ndi chingwe, achemwali ali patsogolo akuitana dzina la amuna awo. Alamu anatsegula maso bwinobwino. Anayang'ana dzanja limene linali pachifuwa pawo, nayang'ana chitenje chimene anafunda, ndipo anazindikira amene anawatsamira. Ndinaona manyazi akuwagwira munthu amene anali atangobwerera kumene kuchokera pakhomo pa imfa. Anayamba kudzikoka kuti asunthe, akuyesa kuomba m'manja, mawu akutuluka oduladula.

"Pepani... amayi... pepani..."

Amayi anawagwira kolala ya malaya n'kuwabweza pomwe anali.

"Khalani pompa," anatero. "Mwandibereka ngati khanda phiri lonseli, anthu akuona. Manyazi atsala kuti? Pumani kaye, mwananga."

Amuna aja anaponya chingwe, mmodzi anawoloka, nafika pathanthwe. Anawerama mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, tasunthani pang'ono tiwanyamule." Amayi sanasunthe. Dzanja lawo linali pachifuwa pa alamu, likukwera ndi kutsika, ndipo anati asawakhudze kufikira iwo atakhutira kuti mpweyawo sukuthawanso.